Mwana woliza mkonono: phokoso limene a chipatala salimva

Ku Petauke ndi ku Nyimba, kum'mawa kwa Zambia, mwana akatentha thupi sagona nako masiku awiri. Amayi ake amadziwa kale kuti angakhale malungo, amamubereka n'kuthamangira ku kiliniki kuti akamubaye chala. Akatsegula m'mimba, chimodzimodzi. Akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, aliyense pamudzi amadziwa kuti chibayo sichichedwa kutenga mwana. Maphunziro a ku sikelo agwira ntchito, ndipo anamwino ayenera kuyamikidwa pa zimenezi.

Koma pali chizindikiro china chimene chimamveka m'nyumba zambiri usiku ndi usiku, chomwe sichiwerengedwa m'gulu la matenda. Mwana wa zaka zinayi akaliza mkonono wogwedeza chitseko, akulu amangoseka. "Watengera atate ake ameneyu." Ena amati watopa ndi masewera, ena amati wakhuta nsima. Ambuya ake amamutembenuza kuti agonere cham'mbali, phokoso n'kuleka pang'ono, nyumba yonse n'kubwerera m'tulo. Kwa ambiri mkonono ndi umboni woti mwana wagona tulo tofa nato. Nthawi zambiri zoona zake n'zosiyana ndi zimenezo: mwana amene amaliza mkonono usiku uliwonse ndiye amene sagona mokwanira m'nyumbamo.

Tisachititsane mantha pachabe. Pafupifupi mwana aliyense amaliza mkonono akakhala ndi chimfine, ndipo mamina akatha nawonso umatha. Umene madokotala a ana amauyang'anitsitsa ndi uja wa masiku atatu kapena kuposa pa sabata, miyezi n'kumapita, mwanayo alibe chimfine. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 10 ali m'gulu limeneli. Mwa ana 100 alionse, pakati pa mmodzi ndi asanu ali ndi vuto lokulirapo, lija madokotala amati obstructive sleep apnoea, pamene njira ya mpweya imatsekeka kwenikweni mwana ali m'tulo. Kalasi imodzi ya Giredi 1 ya ana 80, yomwe si yachilendo chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ingathe kukhala ndi ana angapo otere popanda mphunzitsi kudziwa.

Zimene zimachitika kukhosi

Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka ndipo njira ya mpweya imachepa pang'ono. Kwa mwana wabwinobwino mpata umakhalapobe wokwanira. Koma ngati pali chinthu chimene chaphinga kale njirayo, mpweya umadutsa mopanikizika n'kumanjenjemeretsa minofu yofewa ya kumbuyo kwa kamwa, monga pulasitiki yomata pawindo imalirira mphepo ya mu Julayi ikamawomba. Kunjenjemera kumeneko ndiko mkonono.

Kwa ana ambiri chophingacho ndi tinyama tiwiri ta mtundu umodzi. Ma tonsils amayi ambiri amawadziwa, chifukwa amaoneka mwana akayasamula, kwina ndi kwina kumbuyo kwa lilime. Ma adenoids ndi obisika. Amakhala kumwamba, kumbuyo kwa mphuno, pomwe mpweya wochokera m'mphuno umakhotera kuti utsikire kukhosi, ndipo ngakhale muunike ndi tochi m'kamwa simungawaone. Dokotala wa ku Denmark, Wilhelm Meyer, ndiye anafotokoza bwino za tinyama timeneti mu 1868 ku Copenhagen, ataona kuti timatseka mphuno ndiponso timagonthetsa makutu. Si matenda ayi. Mwana aliyense amabadwa nato, ndipo ntchito yake n'kuthandiza thupi kuzindikira tizilombo tolowera m'mphuno ndi m'kamwa. Vuto ndi lakuti pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu ndi zitatu timakula msanga kuposa khosi lenilenilo. Chimfine chikamabwera pafupipafupi, kapena zilonda zapakhosi, timatupa n'kukhala chitupire. Mwana akamayandikira kutha msinkhu, ma adenoids amafota okha.

Amene anagonapo pafupi ndi mwana wotere sangaiwale. Amagona kukamwa kuli yasa, khosi ataliwongolera kumbuyo, nthawi zina atagwada chafufumimba matako ali m'mwamba, chifukwa thupi lake likufunafuna kagonedwe kolola mpweya kudutsa. Mkonono umakwera, kukwera, kenako zii. Chifuwa chikugwirabe ntchito, pamimba pakukwera ndi kutsika, kadzenje ka pakhosi kakulowa m'kati, koma mpweya sukulowa. Pakapita kanthawi amadzidzimuka, kutsamwa, kukoka mpweya mwamphamvu, kuponya mwendo, n'kuyambiranso mkonono. Sadzuka kwenikweni ndipo m'mawa sakumbukira kanthu. Koma ubongo wake wadzutsidwa kambirimbiri usiku umodzi. Bulangeti limapezeka kumiyendo, mutu uli nyowe ndi thukuta ngakhale mu Juni, patsaya pali dovu louma.

Akatswiri anachedwa kuzindikira zimenezi. Mu 1976 m'pamene Christian Guilleminault ndi anzake ku yunivesite ya Stanford ku America analemba za ana asanu ndi atatu amene ankasiya kupuma m'tulo. Choncho ambuya a ku Nyamphande kapena kwa Ndake amene amati "ndi mmene anabadwira" tisawaseke. Zaka 50 zapitazo madokotala ambiri a ku Ulaya akanayankha chimodzimodzi.

Utsi, fumbi ndi nshawa

Tinyama timeneti sititupa patokha. Pali zimene zimatiputa, ndipo kuno kum'mawa choyamba ndi utsi.

Aliyense woyenda pa Great East Road kuchokera pa mlatho wa Luangwa, kudutsa Kacholola mpaka pa Nyimba, amaona matumba a malasha atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Pa boma anthu amaphikira pa mbaula, kumudzi pa mafuwa ndi nkhuni. Mwana wamng'ono amakhala kumsana kwa amayi ake m'kakhitchini kopanda windo, m'mawa ndi madzulo, mphuno yake ili pomwe utsi umadzera. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika, mbaula imalowa m'nyumba yogona, zitseko n'kutsekedwa. Apa pali zoopsa ziwiri. Choyamba ndi mpweya wa poizoni wochokera ku malasha, umene ulibe fungo ndipo umapha banja lonse lili m'tulo. Mbaula isamagone m'nyumba yotseka, kaya kuzizire bwanji. Chachiwiri ndi chapang'onopang'ono: utsi umatupitsa khungu la m'kati mwa mphuno, mamina sauma, mwana amazolowera kupumira m'kamwa. Fodya wa atate naye ali m'gulu lomweli. Kafukufuku wabwereza kusonyeza kuti ana a m'nyumba mosutidwa fodya amaliza mkonono kwambiri kuposa anzawo. Kusutira pakhonde kuli bwinoko, ngakhale utsiwo umakakamirabe ku malaya.

Kuzizira kukatha kumabwera fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire likupsa, akamvuluvulu akuzungulira pabwalo, chimanga chikupunthidwa ndi kupetedwa, nshawa zikusendedwa, thonje likulongedzedwa. Ana ena mphuno zawo sizigwirizana ndi fumbi, nthenga za nkhuku, mphemvu kapena nkhungu ya m'zipupa nthawi ya dzinja. Amayetsemula motsatizana m'mawa, maso akuyabwa, kadzanja kali pamphuno kukanda. Pakhomo amangoti ali ndi chimfine chosatha. Mwana wotere nthawi zambiri amakhalanso ndi asima kapena zidzolo zoyabwa, kapena alipo wachibale amene ali nazo. Makoyilo ofukiza udzudzu m'chipinda chotseka amangowonjezera. Neti ndiyo yabwino, ilibe utsi.

Pali chinthu chimodzi chimene dera lolima nshawa ngati Petauke liyenera kuchidziwa bwino. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu, atakhala pamphasa pamene akulu akusenda, amatola kanjere n'kukakankhira m'mphuno. Nshawa, nyemba, chimanga, mkanda, kachidutswa ka matiresi. Sanena, chifukwa akuopa kukalipiridwa kapena waiwala. Pakapita masiku, mphuno imodzi yokha imayamba kutuluka mamina a mafinya onunkha, nthawi zina osakanikirana ndi magazi, ndipo mwana amene kale ankagona chete amayamba kulira m'mphuno usiku. Mphuno imodzi, fungo loipa: chimenecho si chimfine. Osatokosa ndi kamtengo kapena chipanera, chifukwa njereyo ingathe kulowa m'kati n'kutsikira m'mapapo. A ku kiliniki ali ndi zida zochotsera. Ngati chalowacho ndi kabatire kozungulira ka mu wotchi kapena ka tochi kakang'ono, ndi nkhani ya tsiku lomwelo, chifukwa kamawotcha mnofu m'maola ochepa.

Zina n'zosowa koma zilipo. Ana a matenda a sickle cell, omwe ku Zambia si achilendo, nthawi zambiri amakhala ndi ma tonsils ndi ma adenoids aakulu, ndipo kwa iwo kuchepa kwa mpweya usiku n'koopsa kwambiri chifukwa kungathandize kuyambitsa ululu uja wa m'mafupa. Kachilombo ka HIV nakonso kamatupitsa tinyama ta mtundu umenewu, choncho namwino akapempha kuyeza magazi a mwana asakuoneni ngati wakunyozani. Ana a Down syndrome, ana obadwa ndi chibwano chaching'ono, ndi ana olumala ubongo amavutika kwambiri ndi njira ya mpweya. Kunenepa kopitirira, komwe kumayiko olemera ndiko kukukulitsa vutoli, kwayamba kuoneka m'mabanja a pa boma momwe zakumwa zotsekemera ndi tokazinga zalowa m'malo mwa mbatata ndi nthochi za pa Nyimba. Koma khanda la miyezi yochepa lolira mluzu pokoka mpweya, ngakhale lili maso, nkhani yake ndi ina. Limenelo lionedwe ndi dokotala msanga.

Masana mwanayo amaoneka bwanji

Munthu wamkulu wosagona amasinza. Mwana wosagona nthawi zambiri amachita zosiyana: sakhazikika, amalusa msanga, amamenya anzake, samvetsera. Kusukulu amatchedwa wamwano kapena wogona m'mutu. Kunyumba amavuta kudzutsa, amadandaula mutu m'mawa, amalankhulira m'mphuno, amadya mochedwa chifukwa sangatafune ndi kupuma nthawi imodzi. Ma adenoids akatseka kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu, madzi amadzaza kuseri kwa nembanemba ya khutu, mwana n'kumamva pang'ono. Mumamuitana kawiri katatu, inu n'kumati akuchita dala.

Mu 1998 dokotala wa ana David Gozal anafalitsa kafukufuku amene aphunzitsi athu akanayenera kumudziwa. Anayeza ana 297 a kalasi yoyamba ku America, onse ochokera m'gulu la ana otsalira kwambiri m'kalasi. Ana 54 anapezeka ndi vuto la kupuma m'tulo. Mwa amenewa, 24 anachitidwa opaleshoni yochotsa ma tonsils ndi ma adenoids, ndipo chaka chotsatira magiredi awo anakwera. Amene makolo awo sanawapititse ku opaleshoni anakhala pomwe anali. Sikuti mwana aliyense wolephera ali ndi vuto la kukhosi; njala, mtunda wopita kusukulu ndi kusowa mabuku zimalepheretsa ana ambiri kuposa mkonono. Koma n'zopweteka kuganiza kuti mwana angabwereze kalasi, akwapulidwe, atchedwe mbuli, chonsecho vuto lili kumbuyo kwa mphuno.

Chinanso chimene chimakwapulitsa ana ndi kukodza pogona. Mwana akamalimbana ndi mpweya, mtima umapanikizika n'kutulutsa timadzi tina touza impso kuti zipange mkodzo wambiri. Pamwamba pa apo, mwana wotopa chotere sadzuka chikhodzodzo chikadzaza. Wa zaka zisanu ndi ziwiri amene amanyowetsa mphasa usiku uliwonse, akulizanso mkonono, sakufunika kuimbidwa nyimbo zomunyoza m'mawa kapena kumanidwa madzi. Ana ambiri otere amasiya kukodza njira ya mpweya ikatseguka.

Ndiye pali kakulidwe. Timadzi tokulitsa thupi timatuluka kwambiri mwana ali m'tulo tofa nato, tomwe mwana wathuyu satifikira mokwanira, ndipo mphamvu zimene akanakulira zimathera kukoka mpweya usiku wonse. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Zambia ndi opinimbira. Pakati pa ana ochuluka chotere, mmodzi wowonda chifukwa cha mkonono saoneka. Mzere wa pakhadi lake la sikelo ukaleka kukwera, amayi amauzidwa za phala la nshawa ndi soya, malangizo abwino ndithu, koma funso la mmene mwanayo amagonera silifunsidwa. Vuto likakula kwambiri kwa zaka, mpweya wochepa usiku umaumitsa mitsempha ya m'mapapo, ndipo mbali ya kumanja ya mtima imatopa n'kutupa. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, koma zimaoneka makamaka kumene ana amafika mochedwa kuchipatala.

Kuchokera pamphasa kufika ku Lusaka

Apa m'pamene pagona vuto lenileni. Matendawa amachitika usiku, pomwe kiliniki imaona mwana masana. Amayi afika naye pa mzere, wayeza thupi silikutentha, malungo alibe, akusewera ndi chitenje cha amayi ake. A clinical officer amuuza kuti anene "aaa", apanikiza lilime ndi kathabwa, aunika. Ma tonsils angaoneke aakulu kapena ayi, ma adenoids saoneka n'komwe. Kunja kukudikira anthu ena makumi angapo. Ngati amayi angoti "ali ndi chimfine", abwerera ndi Panadol ndi Piriton, ndipo palibe amene walakwa. Mboni za matendawa ndi okhawo ogona naye chipinda chimodzi, ndipo m'midzi yathu nthawi zambiri si amayi ake. Mwana akasiya kuyamwa amakagona ndi ambuya ake kapena ndi akulu ake. Iwowo ndiwo ayenera kufunsidwa.

Kumayiko olemera mwana amagonekedwa usiku wonse atamangidwa mawaya oyeza kupuma, mtima ndi ubongo. Kuno chida chimene chili pafupi ndi foni. Vidiyo ya mphindi imodzi kapena ziwiri, yojambulidwa pakati pa usiku mkonono utafika pachimake, malaya atakwezedwa kuti chifuwa ndi khosi zioneke, imauza dokotala zambiri kuposa kufotokoza kwa pakamwa. Foni ikasowa pakhomo, ya mphunzitsi kapena ya wazaumoyo wa m'mudzi ingabwerekedwe usiku umodzi. Ndipo pofotokoza, mawu ofunika ndi awa: amaliza mkonono masiku onse, amasiya kupuma, amatsamwa, amakodza pogona. Ine ndikuona kuti funso limodzi, "Kodi mwanayu amaliza mkonono?", likanalowa m'mafunso a ku sikelo ndi a pa sabata ya umoyo wa ana. Bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza zomwezo mu 2012, ndipo funso silifuna bajeti.

Si mwana aliyense wofunika mpeni. Ngati vuto ndi mphuno yotupa, madzi a mchere otsukira m'mphuno, mankhwala opopera m'mphuno kwa masabata angapo, ndi kuchotsa utsi m'nyumba zimathandiza ambiri. Kudikira nakonso nthawi zina ndi mankhwala. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CHAT, wofalitsidwa mu 2013, anatsatira ana 464 a zaka zisanu mpaka zisanu ndi zinayi. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mwa ana ochitidwa opaleshoni 79 pa 100 alionse ankapuma bwino m'tulo, koma ngakhale mwa amene anangoyang'aniridwa, 46 pa 100 anachira okha. Ochitidwa opaleshoni ndiwo anasintha kwambiri pa khalidwe ndi pa umoyo wa tsiku ndi tsiku. Chimene sichithandiza ndi kugula mankhwala a chifuwa kapena ogonetsa pa kantemba kuti mwana agone chete. Mankhwala oledzeretsa amalefula minofu ya kukhosi kwambiri, ndipo amalepheretsa kudzidzimuka kuja kumene kumamupulumutsa. Ma antibiotic obwerezabwereza nawonso safotetsa ma adenoids. Ndipo aliyense wofuna kudula kapena kukanda kanthu kukhosi kwa mwana kunja kwa chipatala akanidwe. Pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi.

Mwana amene amasiya kupuma, amene sakukula, kapena wa sickle cell ayenera kuonedwa ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi. Njira yake imayambira ku kiliniki ya kwanu, kupita ku chipatala cha boma cha Nyimba kapena cha Petauke, ku Minga Mission, kapena ku Kalindawalo General Hospital. Kumeneko ndiko amaona ngati mwana atumizidwe patsogolo, ku St Francis ku Katete, ku Chipata Central, kapena ku Lusaka. Madokotala a nthambi imeneyi ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Ku Lusaka kuli University Teaching Hospital ndi Beit CURE, chipatala cha ana chimene chili ndi gawo la makutu, mphuno ndi pakhosi. Kuchokera pa Petauke ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 400, kuchokera pa Nyimba opitirira 300, ndipo wa kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe ku chigwa ayambe wafika kaye pa tala. Thiransipoti ya anthu awiri, chakudya, pogona, munda wosiyidwa: kwa banja lodalira chimanga ndi mpendadzuwa, zimenezi zimadikira malonda a mbewu. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kufunsa msanga, kuti kalata yotumizira ndi tsiku lokaonana ndi dokotala zikonzedwe ndalama zokolola zisanathe.

Opaleshoni yeniyeniyo satenga nthawi yaitali, nthawi zambiri sipitirira ola limodzi. Mwana amagonetsedwa, tinyamato timachotsedwa kudzera m'kamwa, panja sipakhala bala. Chitetezo cha m'thupi sichichepa chifukwa tinyama ta mtundu womwewo tilipo tambiri m'thupi. Ana osakwana zaka zitatu, a sickle cell, ndi amene vuto linakula kwambiri amagonekedwa m'chipatala kuti aziyang'aniridwa kapumidwe. Pakhosi pamawawa kwa sabata imodzi kapena iwiri, ndipo mwana ayenera kumwa madzi ambiri ndi kudya ngakhale akukana. Phala, nthochi ndi nsima yofewa zimadutsa bwino. Zoyera zimene zimaoneka pamabalawo si mafinya, ndi mmene pakhosi pamapolera.

Chimene banja lochokera kutali liyenera kukambirana ndi dokotala lisanakwere basi ndi magazi. Ana ochepa amataya magazi nkhanambo ikamachoka, kawirikawiri pakati pa tsiku lachisanu ndi lakhumi, nthawi imene ambiri amakhala atabwerera kale kumudzi. Mwana angathe kumameza magaziwo osalavula, choncho kumeza malovu pafupipafupi, kusanza zakuda kapena kutuwa ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Amene kwawo ndi kutali ndi msewu, makamaka m'dzinja mitsinje itadzaza, achite bwino kutha masabata awiri oyambawo kwa wachibale ku Lusaka kapena pa boma, pafupi ndi chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi.